Mwana wanga akufuna kutsata mapazi a Rex Tillerson: ndimulole apite ku ntchito ya mafuta?

Funso: "Bambo, ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Lilongwe. Mwana wanga woyamba wamaliza maphunziro a uinjiniya wa zomangamanga ku MUBAS. Tsopano akuti munthu wina wamupezera mwayi wa ntchito ku kampani ina imene ikugwira nawo ntchito za gasi kumpoto kwa Mozambique. Ndikamufunsa kuti mafuta ndi gasi zikugwirizana bwanji ndi zimene anaphunzira, amangondiuza za mzungu wina wa ku America dzina lake Rex Tillerson, ati naye anaphunzira zomwezo koma anafika pokhala mkulu wa kampani yaikulu ya mafuta, mpaka kudzakhala nduna. Ine munthuyo sindikumudziwa. Kodi ndi zoona? Kodi ndi munthu woti mwana wanga n'kutengera chitsanzo? Nanga mafutawo si aja akuti dziko likuwasiya? Tulo sindikutipeza."

Yankho: Mayi, mtima m'malo. Mwana wanu sakukunamizani ndipo mutu wake ukuyenda bwino. Munthu akumunenayo alipodi, ndipo anaphunziradi uinjiniya wa zomangamanga womwewo. Ine ndakhala zaka zambiri pa ntchito za mafuta, kuyambira kumadepoti mpaka ku ofesi yolemba achinyamata ntchito, ndipo dzina la Tillerson ndalimva kambirimbiri pakamwa pa anyamata ofuna kulowa ntchitoyi. Chimene chimandidandaulitsa n'chakuti ambiri amadziwa pamene anayambira ndi pamwamba pamene anakafika, koma zaka 30 za pakatipo sazidziwa, komanso sadziwa mmene zinathera. Yankho la funso lanu lili m'zaka zimenezo.

Rex Tillerson anabadwa pa 23 Malichi 1952 ku Wichita Falls, m'chigawo cha Texas. Sanali mwana wa mpondamatiki. Bambo ake ankagulitsa buledi asanalowe ntchito ku bungwe la Boy Scouts of America, ndipo banjali linkasamukasamuka m'matauni ang'onoang'ono a ku Texas ndi ku Oklahoma. Ali mnyamata ankagwira maganyu ochotsa mbale patebulo ndi okolopa pa yunivesite ya Oklahoma State. Anatenga digiri yake ku University of Texas mumzinda wa Austin mu 1975, chaka chomwecho n'kulembedwa ntchito ndi kampani ya mafuta ya Exxon. Sanachokemo mpaka kumapeto kwa 2016. Zaka 41 pa kampani imodzi.

Ntchito imene anayambira inali yoyang'anira katulutsidwe ka mafuta m'zitsime, ndipo ndikufuna muione bwino chifukwa ntchito yamtunduwu ndi imene anyamata amailumpha akamalota. Chitsime cha mafuta si dzenje loti mafuta azingotumphuka okha mpaka kalekale. Chikamakalamba, mphamvu yokankha mafuta kuchokera pansi imachepa, madzi amchere amayamba kutuluka ochuluka kuposa mafutawo, mchenga umatseka mapaipi, dzimbiri limadya chitsulo. Pamwamba pake amaikapo mpope umene umangowerama n'kuweramuka usana ndi usiku ngati munthu akusinja pamtondo. Injiniya amayenda chitsime ndi chitsime, jombo kumapazi, chipewa cholimba kumutu, kamakina kochenjeza za mpweya wakupha kali pachifuwa, kuwerenga mageji ndi kulemba kuti lero patuluka migolo ingati. Mgolo umodzi ndi malita 159. Madzulo amakhala pansi n'kuwerengera kuti kukonza chitsime chakutichakuti kudya ndalama zingati, ndipo ndalamazo zibwerera pakatha miyezi ingati. Funso lachiwirilo ndi limene limakweza munthu pa ntchito ya mafuta. Mainjiniya odziwa kukonza alipo ambiri. Amene amatha kuuza bwana molimba mtima kuti "ichi tisakonze, tingotaya ndalama" ndi ochepa, ndipo mabwana amawasunga m'maso.

Za digiri ya mwana wanu musade nazo nkhawa. Mafuta kapena gasi asanatuluke pamafunika misewu yopirira magalimoto olemera, maziko a mathanki, madoko, milatho, ngalande zokwiriramo mapaipi, nyumba zogona antchito. Zonsezo ndi ntchito ya injiniya wa zomangamanga.

Tillerson zinamutengera zaka 14 kuti afike pa udindo umene tingati ndi waukulu. Mu 1989 ndi pamene anakhala mkulu woyang'anira zitsime za Exxon m'chigawo chapakati cha dziko la America. Kampaniyo inali ndi chizolowezi chosanja antchito chaka ndi chaka, kuyambira wochita bwino koposa mpaka wotsalira, ndipo amene amuona kuti ali ndi tsogolo ankamusamutsa pafupipafupi kuti alawe ntchito zosiyanasiyana. Ukauzidwa kuti usamuke, umasamuka ndi banja lomwe. Chaka chomwecho cha 1989 sitima ya Exxon Valdez inagunda matanthwe ku Alaska n'kutayira m'nyanja mafuta okwana malita pafupifupi 40 miliyoni. Ngoziyo inasintha kampaniyo kotheratu. Malamulo a chitetezo anakhwima mpaka pa zinthu zazing'ono, monga kugwira chitsulo cha m'mbali pokwera masitepe. Tillerson anakulira m'mwambo umenewo, wakuti chilichonse chili ndi ndondomeko yake yolembedwa ndipo amene waiphwanya alibe chowiringula. Mwambowu umapulumutsa miyoyo, ndaona ndi maso anga. Koma umaumbanso munthu wozolowera kuti akalamula zinthu zichitike popanda mkangano, ndipo muona kutsogoloku mmene zimenezi zinadzamupwetekera.

Chimene chinamusiyanitsa ndi anzake ndi ichi. Mu 1995 anatumizidwa kukatsogolera ntchito za Exxon ku Yemen, dziko limene linali litangotuluka kumene mu nkhondo yapachiweniweni ya 1994. Mu 1998 anapatsidwa ntchito za kampaniyo ku Russia ndi ku nyanja ya Caspian, kuphatikizapo pulojekiti ya Sakhalin-1, pa chilumba chozizira koopsa chakumpoto kwa Japan kumene nyanja imaundana miyezi yambiri pachaka. Kumeneko ankaboola zitsime ataima pamtunda, chitsulo n'kupindikira pansi pa nyanja mtunda wopitirira makilomita 10. Luso la uinjiniya linalipo, koma chimene Tillerson anakaphunzira kumeneko chinali china: kukhala patebulo ndi nduna, abwanamkubwa ndi atsogoleri a mayiko, kukambirana za msonkho, za ziphaso, za gawo la boma ndi gawo la kampani, miyezi ndi miyezi osatopa, osapsa mtima, komanso osagonja pa zimene zinalembedwa mu kontrakiti. Mafuta ambiri padziko lapansi ali m'manja mwa maboma, choncho amene amatha kulankhula ndi maboma ndi amene amabweretsera kampani mafuta a mawa. Exxon itaphatikizana ndi kampani ina ya mafuta ya Mobil mu 1999 n'kukhala ExxonMobil, iye anali kale m'gulu la anthu ochepa odziwa zitsime komanso odziwa tebulo lokambirana. Mu 2004 anakhala pulezidenti wa kampaniyo, ndipo pa 1 Januwale 2006 analowa m'malo mwa Lee Raymond ngati mkulu wa ExxonMobil yonse.

Anyamata akafika pamenepa amaimitsa nkhani n'kuwomba m'manja. Ine ndimawauza kuti adikire. N'zoona kuti mu 2008 ExxonMobil inapeza phindu la madola 45 biliyoni, lomwe panthawiyo linali losaonekapo pa kampani ya ku America. Koma chaka chimenecho mtengo wa mgolo unafika pa madola 147, ndipo pa mtengo wotero ngakhale kampani yoyendetsedwa mwachisawawa imapindula. Chiganizo chachikulu chimene Tillerson anapanga yekha chinali kugula kampani ya gasi ya XTO Energy, malonda amene analengezedwa kumapeto kwa 2009 pa madola pafupifupi 41 biliyoni kuphatikiza ngongole zake. Anagula gasi atatsala pang'ono kusefukira pamsika wa ku America, mtengo wake n'kugwa. Iye mwini anadzavomera patapita zaka kuti mwina analipira ndalama zambiri kuposa zoyenera. Mu 2011 anasainirana mgwirizano waukulu ndi kampani ya boma la Russia ya Rosneft wofufuza mafuta ku nyanja ya Kara, kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, ndipo mu 2013 Vladimir Putin anamupatsa mendulo yaubwenzi. Chaka chotsatira Russia inalanda chigawo cha Crimea ku Ukraine, America inaika ziletso za malonda, ntchito ya ku Kara n'kuima chitsime choyamba chitangopeza kumene mafuta. Mu 2016 kampaniyo inataya mbiri yake yapamwamba koposa ya kabwezedwe ka ngongole, imene inali nayo kwa zaka zambirimbiri. Chabwino chachikulu cha nthawi yake ndi mafuta amene anapezeka m'nyanja ya ku Guyana, ku South America, mu 2015, omwe lero ali m'gulu la zimene zikunyamula kampaniyo.

Mwafunsa ngati ali munthu wotengerako chitsanzo. Pano ndiyankha monga munthu wa ku Africa, chifukwa ife nthawi zambiri timakhala mbali inayo ya tebulo. Tillerson ankagwirira ntchito eni masheya a ExxonMobil, ndipo ankaigwira mokhulupirika. Koma chokomera kampani si nthawi zonse chimakomera dziko limene mafutawo akuchokera. Ku Guyana, kontrakiti ya 2016 inapatsa boma 2 peresenti yokha ngati msonkho wa pa mafuta otuluka, kuwonjezera pa gawo la phindu, ndipo anthu a kumeneko akuidandaulabe. Ku Chad, paipi ya mafuta ya ExxonMobil ndi anzake ya makilomita 1,070 yochokera ku Doba kukafika ku doko la Kribi ku Cameroon inamangidwa ndi lonjezo lakuti ndalama za mafuta zipita ku zipatala ndi kusukulu. Boma la pulezidenti wa Chad Idriss Déby linasintha lamulo lokhudza lonjezolo, World Bank inadzichotsamo mu 2008, koma mafuta anapitirira kuyenda m'paipimo. Tillerson analimbananso ndi lamulo la ku America lofuna kuti makampani a mafuta aziulula ndalama zimene amapereka ku maboma akunja. Ine pamenepa sindigwirizana naye m'pang'ono pomwe, chifukwa ndalama zobisika ndi zimene zimasiya anthu okhala pafupi ndi chitsime akumwa madzi a pachithaphwi. Pa nkhani ya kusintha kwa nyengo anachitako bwino kuposa Raymond. Anavomera poyera kuti vutoli lilipo, ndipo mu 2009 anati angakonde msonkho wa pa mpweya woipa. Komabe asayansi a kampani yomweyo anali atachenjeza za vutoli kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndipo kampaniyo sinasinthe njira.

Tsono za unduna. Tillerson anali atatsala miyezi yochepa kuti apume pa ntchito pamene Donald Trump, amene anali asanakumanepo naye, anamupempha kuti akhale nduna yoona za ubale wa America ndi mayiko ena. Iye ananena yekha kuti udindowu sanaufune, ndi mkazi wake amene anamulimbikitsa. Aphungu a nyumba ya Senate anamuvomereza ndi mavoti 56 kwa 43, ndipo anayamba ntchito pa 1 Febuluwale 2017. Atafika, anayendetsa undunawo monga ankayendetsera kampani. Anadzitsekera ndi kagulu kochepa ka alangizi, anaimitsa kulemba anthu atsopano ntchito, anavomera kuti bajeti ya unduna idulidwe kwambiri, ndipo akazembe ambiri odziwa ntchito anachoka. Atolankhani ankawapewa. Ndi bwana wakenso sankamvana pa nkhani zikuluzikulu, monga pangano la Paris la za nyengo ndi pangano la zida za nyukiliya la Iran, amene iye ankafuna kuti America isatulukemo. Pa 13 Malichi 2018, atangobwerera kumene kuchokera ku ulendo wa ku Ethiopia, Djibouti, Kenya, Chad ndi Nigeria, Trump analengeza pa Twitter kuti wamuchotsa n'kuikapo Mike Pompeo. Munthu amene anakhala zaka 41 pamalo amodzi sanathe miyezi 14 pamalo achiwiri.

Apa ndi pamene ndikufuna mwana wanu aganizire mofatsa. Tillerson anali wakhama, wosunga mwambo, wosathawa malo ovuta, ndipo zimenezo atengere ndithu. Koma anakula m'nyumba imodzi yokha, anadziwa chilankhulo cha nyumba imeneyo basi, ndipo atatuluka anapeza kuti kunja anthu samvera chifukwa chakuti walamula. Ndaona zomwezi pa anzanga amene sanafikepo n'komwe pa maudindo otero. Munthu wagwira zaka zambiri pa kampani imodzi ya mafuta, malipiro abwino, galimoto ya kampani, ana ku sukulu zolipira. Tsiku lochotsedwa likafika amapeza kuti mapepala ake onse ndi a m'kati mwa kampaniyo, kunja palibe amene akuwazindikira. Komanso nthawi ya Tillerson inapita. Masiku ano achinyamata ambiri salembedwa ndi kampani yaikuluyo mwachindunji. Amalembedwa ndi makontrakitala, kwa chaka chimodzi kapena ziwiri, ntchito yomanga ikatha aliyense kwawo.

Kodi mafuta akutha ntchito? Osati mawa. Dziko lapansi likugwiritsabe ntchito migolo yoposa 100 miliyoni tsiku lililonse, ndipo gasi akufunidwa kwambiri popangira magetsi ndi feteleza. Choopsa chenicheni kwa wantchito si kutha kwa mafuta koma kukwera ndi kutsika kwa mtengo wake. Pakati pa 2014 mgolo unali pamwamba pa madola 100, pofika kumayambiriro kwa 2016 unali pansi pa madola 30, ndipo anthu miyandamiyanda anachotsedwa ntchito padziko lonse. Mu 2020 ExxonMobil yeniyeniyo inaluza madola 22 biliyoni. Mtengo ukagwa, oyamba kuuzidwa kuti asabwerenso ndi a makontrakitala, ndipo mwa iwo oyambirira ndi achilendo. Ubwino wa mwana wanu ndi wakuti luso lake limayenda. Amene wamanga maziko a thanki ya gasi akhoza kumanga damu, mlatho kapena malo opangira magetsi a dzuwa. Chimene ndingamulangize ndi chakuti asanyalanyaze kulembetsa ku Malawi Engineering Institution, ndipo ntchito iliyonse imene wagwira azilemba m'buku lake, injiniya wamkulu womuyang'anira n'kumasainira. Asadzalole kuti adziwike ngati "wa gasi" basi. Ndalama za zaka zoyambirira asazione ngati malipiro a moyo wonse. Azisunga ngati munthu amene akudziwa kuti kontrakiti ili ndi tsiku lothera.

Tibwere ku mwayi umene wapezekawu, chifukwa apa ndi pamene nkhawa yanu ili ndi maziko. Gasi wa kumpoto kwa Mozambique alipodi, m'nyanja ya kufupi ndi mtsinje wa Rovuma, m'chigawo cha Cabo Delgado. ExxonMobil inagula gawo kumeneko mu 2017 kuchokera ku kampani ya ku Italy ya Eni, ndipo TotalEnergies ya ku France ili ndi pulojekiti yake ku Afungi. Koma chigawo chimenechi chakhala pa nkhondo ya zigawenga kuyambira mu 2017. Pa 24 Malichi 2021 zigawengazo zinalowa m'tauni ya Palma, pafupi ndi malo a gasiwo, n'kupha anthu ambiri kuphatikizapo antchito achilendo, ndipo mwezi wotsatira TotalEnergies inaimitsa ntchito n'kuchotsa antchito ake. Asilikali a ku Rwanda anafika mu Julayi chaka chomwecho ndipo zinthu zinakhalako bwino m'madera ena, koma si malo opitako mwachimbulimbuli. Mwa antchito, amene anavutika kwambiri ku Palma anali a makampani ang'onoang'ono ogona kunja kwa mpanda wotetezedwa. Choncho mwana wanu afunse mosapita m'mbali, ndipo ayankhidwe polemba: kodi azikagona kuti, m'kati mwa kampu yotetezedwa kapena m'tauni? Zinthu zitavuta, ndani adzamutulutse ndipo pa ndege kapena sitima ya ndani? Inshuwalansi ya moyo ndi ya chipatala ilipo? Azigwira masabata angati asanabwere kudzapuma, ndipo tikiti akulipira ndani? Kampani yeniyeni mafunso amenewa siiwaopa, imakhala ndi mayankho okonzeratu.

Mawu amene andiimitsa m'kalata yanu ndi akuti "munthu wina wamupezera mwayi". Mayi, munthu ameneyu ndi ndani? Pa ntchito za mafuta pali akathyali ambiri chifukwa amadziwa kuti achinyamata ali ndi njala ya ntchito. Amatumiza kalata yokongola yokhala ndi chizindikiro cha kampani yodziwika, malipiro a madola ochititsa kaso, kenaka amati tumizani ndalama ya chiphaso chogwirira ntchito, ya kuyezetsa kuchipatala, ya yunifolomu. Ndalandirapo mu ofesi mnyamata atanyamula kalata yotere mu envulopu ya khaki, makolo ake atagulitsa ng'ombe, ndipo ntchitoyo kunalibe. Kampani yoona silipiritsa munthu kuti imulembe ntchito. Siilemba munthu popanda kumufunsa mafunso maso ndi maso kapena pa kanema wa pa intaneti, ndipo siitumiza kalata ya ntchito kuchokera pa adiresi ya Gmail kapena pa WhatsApp pokha. Chiphaso chogwirira ntchito ku Mozambique amakonza ndi olemba ntchito. Wina akanena kuti "ungolowa ngati mlendo, mapepala tikakonzera komweko", kapena akafuna kusunga pasipoti ya mwana wanu, nkhani ithere pomwepo.

Mukaona chimodzi mwa zizindikiro zimenezi, musatumize ngakhale tambala, pitani ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu, ndipo ngati ndalama zatumizidwa kale kadziwitseni apolisi msanga. Ngati zonse zikuoneka zolongosoka, kontrakiti isasainidwe loya asanaiwerenge, makamaka ngati yalembedwa m'Chipwitikizi. Loyayo aonetsetse kuti ikunena ndalama ya dziko liti imene azilipidwa, msonkho azidula kuti, ndi chimene chidzachitike ntchito ikaimitsidwa mwadzidzidzi ngati mu 2021. Mwana wanu apeze yekha nambala ya likulu la kampaniyo, osati imene wapatsidwa ndi womupezera mwayiyo, aimbe n'kufunsa ngati dzina lake akulidziwa. Adziwitsenso ofesi ya kazembe wa Malawi ku Maputo za kumene azikakhala.

Akapitadi, inu ntchito yanu siinathe. Moyo wa kukampu ndi wotopetsa: maola 12 patsiku, masabata angapo osapuma, kutali ndi abale, kenaka kubwera kunyumba ndi ndalama zambiri m'thumba ndi nthawi yopanda chochita. Ambiri amene ndawaona akugwa sanagwere kuntchito, anagwera pa masabata opumawo. Mukadzaona kuti akabwera sakugona, akudzidzimuka ndi phokoso laling'ono, wayamba kumwa kwambiri kapena sakufuna kulankhula ndi munthu, musadzati ndi kutopa chabe. Mudzapite naye kwa dokotala kapena kwa mlangizi wa za maganizo, ndipo iye adzauze a zaumoyo a kampani yake asanabwerere ku kampu.